Jombo za Jailos

Jailos Muhiwa anakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu phazi lake lisanalowepo mu nsapato, ndipo sankadandaula nazo. Anawoloka mtsinje wa Muloza ali kumsana kwa amayi ake kuchokera kudziko la Apwitikizi, nakulira m'minda ya tiyi akuponda mame mamawa uliwonse, mpaka mapazi ake anauma gwa ngati chikopa cha ng'oma. Minga inkathyoka yokha. Mwini wake ankati Mulungu anamusokera kale nsapato zosatha ndiponso zosabedwa.

Ntchito ankagwira pa chipatala chaching'ono cha boma chimene chinali m'mbali mwa msewu wa ku Limbuli. Ankakolopa m'mawodi awiri, kutaya zimene odwala osatha kudzuka adzithandizira, kutsuka zimbudzi ndi kukwirira zonyansa kudzenje la kuseri kwa nthochi. Anzake pa ntchito yotereyi anali awiri: Pilato, bambo wamtali amene ankatha tsiku lonse atalankhula mawu osakwana khumi, ndi mayi Margret, amene ankachapa nsalu za odwala ataima m'matope a pamalo ochapira, pakamwa pawo posapuma. Onse atatu ankayenda phazi pansi.

Chaka cha 1956, mvula itangosiya, Jailos anayamba kumva kutopa kwachilendo. Ndowa ziwiri zimene kale ankathamanga nazo zinayamba kumuimitsa panjira kawiri, mtima ukugunda m'makutu. Mkazi wake Lines anamuphikira kalongonda, anamufululira thobwa, koma mphamvu osabwerera.

"Ukalamba umenewu, bambo a Joice," anatero Lines.

"Ukalamba wanji wobwera mwezi umodzi ngati dzombe?"

Miyezi yomweyo pachipatalapo panali patabwera mkulu watsopano, a Hudson Makwinja, amene anaphunzira zachipatala ku Zomba. Dokotala wachizungu ankangobwera kamodzi pamwezi kuchokera ku boma, choncho kwa anthu onse a Makwinja ndiwo anali adokotala. Anali munthu wamfupi, woyenda mofulumira, ndipo anali ndi chizolowezi choyang'ana antchito ake monga mmene ankayang'anira odwala. Tsiku lina anamupeza Jailos atatsamira chipupa cha wodi ya amuna, ndowa zili pansi, akupuma wefuwefu.

"A Muhiwa, tayang'anani kumwamba."

Anamukoka chikope cham'munsi ndi chala, kenaka anamutembenuza manja.

"Magazi anu apita kuti? M'maso muli mbee ngati ufa woyera. Mawa mundibweretsere chimbudzi pang'ono m'kachitini aka. Muwauzenso a Pilato ndi mayi Margret achite chimodzimodzi."

Mayi Margret atamva anakuwa kuti chibadwire sanaonepo mwamuna wopempha mphatso yotere, koma kachitini anabweretsa. A Makwinja anayeza zonse pa makina awo oonera tizilombo, napeza kuti onse atatu ali ndi njoka za m'mimba, zija zoyamwa magazi. Anawamwetsa mankhwala onunkha ngati palafini amene anawazunguza mutu tsiku lathunthu, nawapatsanso mapiritsi obwezera magazi. Atatero anawakhazika pakhonde n'kuwafotokozera kuti njoka zimenezi sizilowera pakamwa ayi, zimalowera kuphazi munthu akaponda dothi lonyowa pamene pagwera zonyansa.

"Tikuchiza odwala, koma amene akutithandiza kuchizawo tikuwadwalitsa," anatero. "Ndilemba kalata ku boma. Mufunika jombo."

Jailos anavomera ndi mutu chifukwa cha ulemu, koma mumtima anaseka. Phazi limene linakanika minga ya kankhande, njoka ingaboole ndi chiyani?

Patapita miyezi iwiri lole ya chipatala inabwera ndi bokosi, ndipo m'bokosimo munali jombo zamphira mapeyala atatu, zakuda bii, zonyezimira, zofika m'mawondo. Tsiku loziyesa odwala amene ankatha kuyenda anatuluka kudzaonerera. Pilato anavala zake n'kuima chilili ngati mtengo wodzala, osayerekeza kusuntha. Mayi Margret anayenda mapazi atatu, jombo imodzi inatsalira m'mbuyo. Jailos anaponda koyamba, gwa, kachiwiri, gwa, ndipo anamva ngati wakwera pachulu. Anazungulira bwalo lonse manja ali kumbuyo monga ayendera kapitawo wa ku esiteti, odwala akuwomba m'manja, mayi wina wa m'wodi ya amayi akululutira pawindo.

Linali Loweruka, ndiye madzulo anapita nazo kunyumba atazikoleka m'khosi ndi luzi. Lines anazilandira ndi manja awiri, anazipukuta ndi kansalu, nazipaka mafuta a nsatsi mpaka munthu n'kumadziona nkhope.

Lamlungu Jailos anavala jekete lake lokhalo, kabudula wa khaki ndi jombo. Dzuwa linali likuswa mtengo, m'jombo munali thukuta lokhalokha, koma njira yonse ya kutchalitchi anthu ankapatuka kumupatsa moni, ena mpaka kuvula zipewa. Atalowa, mkulu wa mpingo anamukodola kuti adzakhale kutsogolo. Nyimbo ya tsiku limenelo anaiimba mokweza kuposa masiku onse, chidendene chikugunda pansi motsatira. Potuluka mlamu wake anamufunsa ngati boma lamukweza udindo, ndipo Jailos sanavomere, sanakanenso.

Lolemba m'mawa anafika nazo pakhomo la chimbudzi cha odwala, naima. Anayang'ana pansi ponyowa paja, nayang'ana jombo zimene dzulo lomweli zinali kutsogolo kwa tchalitchi. Mtima unakana. Anabwerera kuseri kwa wodi, anavula, nazikoleka pa nthambi ya mango pamene masamba anali owirira, n'kukagwira ntchito yake phazi pansi monga kale.

Kuyambira tsiku limenelo zinkayenda motero. M'mawa ankadutsa pawindo la a Makwinja jombo zikulira gwa gwa gwa, n'kupereka moni mokweza kuti amuone. Akakhota pakona, jombo mumtengo. Madzulo ankasamba mapazi, kuzivala, n'kudutsanso pawindo paja. Anzakewo ndiye sankavutika n'komwe ndi zodutsa pawindo, popeza ntchito yawo inali kuseri kumene a Makwinja sankafikako kawirikawiri.

Chinsinsi chinakhala milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lina kunabwera chiperoni, mphepo yozizira ikutsika m'phiri ndi kamvula kowaza, ndipo a Makwinja anadzera kuseri kwa wodi pothawa matope a kutsogolo. Atafika pansi pa mango, luzi linaduka, jombo imodzi inagwa phi patsogolo pawo penipeni. Asanadziwe kuti n'chiyani, inzake inawagwera paphewa.

Jailos anali akuchokera kudzenje, ndowa m'manja, matope mpaka mu akakolo. Anaima. A Makwinja anatola jombo, anayang'ana mumtengo, nayang'ana mapazi a Jailos.

"A Muhiwa, mango a kuno amabereka zimenezi?"

"Chaka chino chokha, adokotala."

A Makwinja anayesa kulimbitsa nkhope koma zinakanika, anaseka mpaka kutsamira mtengo. Atapukuta misozi anatuma kuti Pilato ndi mayi Margret abwere, aliyense ndi jombo zake. Anabwera chimanjamanja.

"Zanu zili kuti, a Pilato?"

"Mphwanga. Wapita nazo kofunsira mbeta ku Milonde."

"Wamulola mkaziyo?"

"Wamulola."

"Nanga inu, mayi?"

"Adokotala, ndinene zoona, Mulungu akundiona. Makoswe kwathu atha mbewu. Ndiye ndinaona kuti zinthu zija n'zakuya, n'zoterera, khoswe sangaboole. Muli mtedza wanga wodzala, kwinako nandolo."

Jailos ankayembekeza kukalipiridwa, mwinanso kuchotsedwa ntchito. Koma a Makwinja anangomupempha khasu. Anapita onse pa kanjira ka kuchimbudzi, pamthunzi pamene dothi silinkauma, ndipo a Makwinja anapala dothi lodzaza dzanja, nalimanga m'kansalu, n'kuliviika m'mbale ya madzi ofunda.

"Mawa m'mawa nonse atatu mubwere m'chipinda choyezera."

M'chipinda chimenecho Jailos ankalowamo tsiku ndi tsiku kukakolopa, koma makina aja anali asanawakhudzepo. M'mawa mwake a Makwinja anatenga kadontho ka madzi a pansi pa mbale ija, anakaika pa kagalasi, anasuzumira n'kupotokola pang'ono, kenaka anamukhazika Jailos pampando.

"Tsinzinani diso limodzi. Linalo muyang'ane apa."

Poyamba anangoona kuwala kozungulira ngati mwezi. Kenaka m'mwezimo munadutsa chinthu chachitali, choonda, chikudzipinda uku ndi uku. Pambuyo pake china. Chachitatu chinaima pakati penipeni n'kumagwedeza mutu ngati chikufuna poboola.

"Mayo!" anakuwa Jailos, ndipo asanaganize n'komwe mapazi ake onse awiri anali atakwera pampando.

Mayi Margret anamukankha kuti naonso aone, ndipo ataona anayamba kudzikanda miyendo akutchula mayina a ana awo onse. Pilato anayang'ana nthawi yaitali kuposa onse. Atadzutsa mutu anangoti, "Zilipo."

"Dothi lodzaza dzanja limodzi limenelo," anatero a Makwinja. "Sizifuna chilonda. Zimalowa pakati pa zala pamene khungu lili lofewa. Kumva kuyabwa kuja mukachoka kudzenje, ndiye kuti alendo alowa."

Jailos anakumbukira kuyabwako.

Tsiku lomwelo a Makwinja anakhazikitsa dongosolo. Jombo zisamachokenso pachipatala, chifukwa jombo yoponda kudzenje ikapita kumudzi imanyamula matenda kukawatula pakhomo pamene ana amakwawa. Anakhomera zikhomo zisanu ndi chimodzi pakhonde la kuseri, nadula mgolo pakati kuti mukhale madzi a mankhwala otsukiramo jombo poweruka. Jailos atamva za ana okwawa anaganiza za mdzukulu wake amene Lamlungu lapitalo ankasewera ndi jombo zija pamphasa, ndipo anayamika mumtima kuti sizinapondepo kuchimbudzi.

Komabe masiku otsatira anali wosakondwa. Ntchito ankagwira atavala, ndipo anaona yekha kuti kuyabwa kunatha, ming'alu ya kuchidendene inayamba kutsekeka. Koma Lamlungu linkabwera. Adzalowa bwanji m'tchalitchi phazi pansi, munthu amene anakhalapo kutsogolo? Lachinayi, akutsuka jombo mumgolo muja, maganizo ena anamufikira, ndipo anapita kukagogoda pa ofesi.

"Adokotala, ndifunse nawo. Njoka zija n'za boma zokha?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndikati ndaweruka, jombo ndasiya pachikhomo, ndimayenda phazi pansi mpaka kwathu. Njira yake imadutsa kudambo kumene anthu amapatukira kutchire. Kwathu nakonso chimbudzi chilipo, dothi lake n'lonyowa chimodzimodzi. Ndiye masana mwanditchinjiriza, madzulo mwandipereka."

A Makwinja anaika cholembera pansi. Kenaka anati, "Pamenepo mwandigwira, a Muhiwa. Sindinaganizeko. Koma boma silingatipatse nsapato zoyendera kumudzi."

"Sindikupempha za boma. Kuseri kwa khitchini kuli matayala awiri akutha a lole, angokhala mosungira madzi a udzudzu. Ndinaonapo anthu ochokera ku Halale atavala nkhwayila za tayala. Kungoti wodula ndiye sindikumudziwa."

Pilato anali panja pawindo akusesa. Anaimitsa tsache.

"Ndimadula," anatero.

Onse awiri anatembenuka.

"Zaka zinayi ku Halale. Ndinkadula pamsika."

"Ndiye zaka zonsezi osanena?" anafunsa Jailos.

"Simunafunse."

Loweruka masana ntchito itatha anagubuduza matayala aja mpaka pansi pa mango. Pilato ananola mpeni wake pamwala, napempha madzi a sopo onyowetsera mphira kuti mpeni uziterera. Aliyense ankaponda papepala, Jailos n'kuzunguliza phazi ndi khala, ndipo Pilato ankaika pepalalo patayala n'kudula. Zingwe zake anadula kuchokera ku chubu chakale cha m'tayala. Munthu wosalankhula uja manja ake ankalankhula: dzuwa lisanapendeke mapeyala atatu a nkhwayila anali atatha, ndipo anali akuimba chapansipansi nyimbo ya Chilomwe imene mayi Margret anailandira mokweza.

Lines anabwera ndi mphika wa chinangwa chophika kudzaona chimene chachedwetsa mwamuna wake, ndipo nayenso anamupondetsa papepala, akuseka chifukwa khala linkamugirigisha. Wophika wa chipatala anabwera, mlonda anabwera, anamwino awiri anabwera kudzayezetsa mapazi a amayi awo ndi timitengo timene anathyola molingana ndi mapaziwo. Odikirira odwala anaima mzere. Matayala awiri anatha, anthu akadalipo, mpaka dalaivala wa lole analonjeza kuti akapempha ena akutha kwa anzake a ku esiteti.

Lamlungu Jailos ndi Lines anapita kutchalitchi atavala nkhwayila zofanana. Sizinkalira ngati jombo, koma phazi linkapuma mphepo, ndipo kumbuyo kwawo pa kanjira ka fumbi zinkasiya zidindo za tayala. Mkulu wina amene anabwera mochedwa analowa akufunsa kuti ndi galimoto yanji yadutsa pakati pa chinangwa cha eni ake popanda kuthyola ngakhale phesi limodzi.

Mayi Margret anabweza jombo zawo atakhuthulira mbewu mumphika wovundikira, mphwake wa Pilato anabwezanso zake, ndipo onse atatu anamwanso mankhwala onunkha aja kachiwiri. Pofika mwezi wa Novembala a Makwinja anawayezanso, osapeza kanthu. M'maso mwa Jailos munali mutafiira bwino, ndipo ndowa ankakwera nazo chitunda akuimba mluzu. A Makwinja anamuika kukhala woyang'anira khonde la kuseri: kuona kuti jombo zili pazikhomo, madzi a mumgolo asinthidwa, ndiponso kuti munthu aliyense wopita kudzenje kapena kochapira wavala zoyenera. Anapemphanso peyala yachinayi yoti azivala alendo.

Udindowu Jailos anaugwira ndi manja awiri. Wophika anabwezedwapo, namwino anabwezedwapo. Ndiye linafika tsiku limene dokotala wachizungu anabwera kudzayendera chipatala, ndipo atamva za dongosolo latsopanoli anafuna kukaona dzenje ndi maso ake. Ananyamuka ndi a Makwinja, atavala nsapato zake zoyera zansalu, mpaka pamene kanjira ka kunthochi kankayambira. Pamenepo anapeza Jailos ataima pakati pa njira, tsache lili chopingasa.

A Makwinja anamuphethira diso kuti apatuke. Jailos anavula chipewa mwaulemu, koma sanasunthe.

"Adokotala, muwauze bwana kuti kuno sikupita nsapato zopita nazo kunyumba."

"A Muhiwa, awa ndi dokotala wamkulu."

"Njoka zija zikudziwa zimenezo?"

Mzungu uja anafunsa chimene chikunenedwa, ndipo a Makwinja, thukuta lili pamphumi, anamasulira mawu onse osasiyako. Dokotala anayang'ana Jailos, nayang'ana nsapato zake zoyera, kenaka anaseka kwambiri n'kukhala pansi pakhonde kuyamba kumasula zingwe. Peyala ya alendo inamuchepera, choncho anavala za Pilato. A Makwinja nawonso anavula zawo navala za alendozo, ndipo awiriwo anatsika kanjira kaja motsogozana, Jailos ali patsogolo kuwalozera poponda.

Pobwerera anawaimitsanso pamgolo, napatsa aliyense burashi. Mayi Margret anasiya kuchapa, odwala anadzaza mawindo, kuonerera madokotala awiri atawerama akutsuka jombo, wokolopa ataima pambali manja kumbuyo.

"Chidendene, bwana," anatero Jailos akuloza ndi chala. "Kwatsala matope kuchidendeneko."

Dokotala wamkulu anatembenuza jombo, anaona kuti n'zoona, natsukanso.